Tsiku Limene Aphunzitsi Anaamira Mpheta za Mfumu

Ndiyambe ndi kukana mlandu. Ine Esinati sindinakuwe. Amene anakuwa m'munda wa mafumu akale a ku Koreya, mpaka mbalame, alonda ndi alendo onse kudzidzimuka, ndi aphunzitsi anga a Makwinja, ali mu suti ndi tayi. Ine ndinangonong'ona. Kodi kunong'ona kunayamba liti kukhala mlandu?

Inu amene mumawerenga danga lino mwaona kuti ndinasowa. Ena munayamba kale kufalitsa kuti andichotsa sukulu. Pepani, ndikadalipo. Chinachitika n'chakuti kalabu yathu ya zachilengedwe inapambana mpikisano wolemba za mbalame za ku Chilwa, ndiye anatiitana ku Koreya, kumsonkhano wa achinyamata ochokera kumayiko okhala ndi madambo. Tinapita atatu: ineyo, Yusufu wa ku Kachulu amene amadziwa mbalame iliyonse ngati anabadwa nayo bere limodzi, ndi a Makwinja, amene amayang'anira kalabuyo.

Tisananyamuke, a hedi anandiitana muofesi. A hedi athu ndi mayi wosakweza mawu, ndipo n'chifukwa chake amaopsa.

"Esinati," anatero, "chule uja anapezeka m'kabati ya madamu a Bayoloje sanalowemo yekha. Belu lija linalira nthawi yoweruka isanakwane silinadzilize. Ndakhala ndikukupirira chifukwa mutu uli nawo. Koma a Makwinja akadzabwera ndi dandaulo, ngakhale limodzi, Folomu 4 ukaipezera kwina."

Kwina kuti? Sekondale ina ili kutali, ndipo bambo anga sangandisungitse kumeneko. Kwa ine "kwina" ndiye kuti kunyumba basi. Amayi atamva anandigwira khutu n'kunena mawu awo a masiku onse: "Ukachita masewera udzafera m'matope ngati ine."

Ndinalonjeza. Ndipo Mulungu ndi mboni, polonjezapo ndinkanena zoona.

Malamulo a a Makwinja anayamba tili mu minibasi pa Songani.

"Mukafunsidwa kwanu, muzikanena kuti Zomba, likulu lakale la dziko. Za matope, za matemba, za kusikimu, zitsale konkuno. Tikupita kwa anthu otukuka."

Yusufu anakweza mkono ngati tili m'kalasi. "Nanga Sala, mbalame tikukafotokozazi tikanene kuti zimagona kuholo ya tauni?"

"Iwe, tseka pakamwa."

Tsopano ndikuuzeni chinsinsi chimene aliyense amachidziwa. Ku sikimu ya mpunga ya Likangala puloti yathu inagundana ndi puloti ina imene a Makwinja amati ndi ya akazi awo. Iwo akuti mpunga amangouona m'mbale. Koma mpunga ukayamba kucha, Loweruka lililonse m'mamawa pamafika bambo wina wa chipewa chachikulu chamlaza chophimba nkhope, kabudula wong'ambika, kudzaamira mbalame. Kwa inu a m'tauni, kuamira ndi kuingitsa mpheta ndi mawu, ndi zitini, ndi matope oponya, kuti zisamalize mpunga. Aliyense ali ndi kakuwidwe kake. Ka bambo ameneyu kamamveka mpaka kumlatho: "Hoooo-yaa! Chokaaa!"

Lolemba mawu omwewo amakhala ali kutsogolo kwa kalasi akuti, "Amene sakufuna kuwerenga, khasu likumudikira." Ndipo ukalakwa amakutumiza kudimba la sukulu, kuseri kwa zimbudzi. Mpunga wa m'dimba limenelo, kunena zoona, theka ndinalima ndine.

Palibe amene anawauzapo kuti chipewa sichibisa mawu. Ulemu wa kwathu ndi umenewo.

Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Za ndege ndi za zakudya zodyera timitengo ndizisiya, chifukwa Yusufu anandipempha kuti ndisamuyalutse. Ndifike pa tsiku limene anatitenga gulu lonse kukaona nyumba ya mafumu akale.

Anzanga, kuli nyumba kunja kuno. Chipata chokha n'chachikulu kuposa tchalitchi chathu. Madenga ake ndi a matailosi, opindikira m'mwamba kumapeto ngati mutu wa bwato, ndipo kunsi kwake anajambula maluwa obiriwira ndi ofiira, mtengo uliwonse wokhawokha. Pabwalo pali timiyala tosonyeza pamene nduna iliyonse inkaima malinga ndi udindo wake. A Makwinja anakaima pa mwala wakutsogolo kuti Yusufu awajambule. Nsapato zawo zinkawala moti ndinkadzionerapo.

Mnyamata wina wa m'gulu lathu anawafunsa kumene tikuchokera.

"Zomba," anayankha ndi Chizungu chotulukira m'mphuno, "mzinda wa phiri lokongola."

Yusufu anandiponda chala. Ine ndinayang'ana kumwamba. Ndinali ndi lonjezo loti ndisunge.

Kenako mayi wotiperekeza anatilowetsa kumunda wa kuseri, kumene mafumu ankapumira. Anatipempha kuti tiziyankhula motsitsa. Mitengo yake ndi yakalekale, masamba ena atafiira ngati moto. Pali dziwe lamakona anayi, madzi ake phee, nsomba zonenepa zikungoyandama mopanda mantha. Yusufu, mwana wa asodzi, anasuzumira m'madzimo.

"Esinati," ananong'ona, "nsomba zonsezi, ukonde palibe? Anthu awa ali bwinobwino?"

Tinakwera kamtunda, tinatsika. Bata lake linali loti ukameza malovu mnzako amva. Ndiye tikukhota pakona ina, ndinaima chilili.

Mpunga.

Kandime kakang'ono, kosaposa bwalo la kunyumba kwathu, mpunga wake utacha bwino, ngala zitaweramira pansi. Pambali pake kachisakasa kokongola, koma kofolera ndi udzu. Nyumba zonse za mfumu matailosi, aka kokha udzu.

"Chilindo choamiriramo mbalame," anatero Yusufu.

"Chilindo cha mfumu," ndinavomereza.

Mayi uja anafotokoza kuti mafumu ankabwera kudzabzala ndi kudzakolola pandime imeneyi, kuti adziwe mmene chaka chikuwayendera alimi awo. Akakolola, mapesi ake ankafolerera kachisakasako. Anthu anagwedeza mitu, mafoni m'mwamba.

Ine sindinkayang'ana mpungawo. Ndinkayang'ana a Makwinja. Pakamwa pawo pankatuluka Chizungu choyamikira, koma maso awo anali pa ngala. Zala zawo zinkafikisana zokha, mmene amachitira mlimi akafuna kudziwa ngati njere yalimba. Suti inali ya Lolemba, koma munthu anali mkatimo anali wa Loweruka.

Tsono mundimvetse. M'thumba mwanga munali kachidutswa ka buledi ka m'mawa, chifukwa amayi anandiphunzitsa kuti chakudya sasiya patebulo. M'mitengo munali timbalame tofanana ndendende ndi mpheta zathu. Kumbuyo kwanga kunali a hedi ndi Folomu 4 yanga. Ndinaganiza za zonsezi, ndithu ndinaganiza. Koma chala chikayabwa, mumachitani inu?

Ndinafikisa kabuledi kaja, nyenyeswa n'kugwera m'mbali mwa ndime. Kambalame kamodzi kanatera. Kanaitana abale ake. Nyenyeswa zitatha, timbalameto tinaona kuti pafupi pomwepo pali phwando lenileni, n'kudumphira pa ngala.

Ndinasendera kufupi ndi khutu la aphunzitsi, n'kunong'ona ndi mawu amene akazi awo amawaitanira kusikimu:

"Mpheta! Mpheta zatha mpunga!"

Sanaganize n'komwe. Thupi linayankha mutu usanafunsidwe. Anaomba m'manja kawiri, phaa! phaa! natambasula mikono, tayi ili kuphewa:

"Hoooo-yaa! Chokaaa!"

Mbalame zinabalalika m'munda wonse. Mayi wina anagwetsa foni. Ndipo aphunzitsi anga, ndikulumbira, anali atawerama kale kufuna dothi loti aponye. Anazindikira ali chiweramire, dzanja lili pansi.

Kunagwa bata lina, losiyana ndi loyamba lija. Mlonda anayamba kubwera. A Makwinja anaweramuka pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anandiyang'ana. M'maso mwawo ndinaona chipata cha sukulu chikutsekedwa, ine ndili kunja ndi chikwama changa. Apo mtima unagunda, sindinama.

Kenako kumbuyo kwathu kunamveka mawu okalamba: "Hwooo-i! Hwooo-i!"

Anali agogo ena a komweko, a ndodo ndi kachipewa, amene ankangodziyendera. Ankaseka mpaka kugwira pamimba, akukupiza mkono ngati akuingitsa mbalame. Anawaloza a Makwinja, anadziloza okha pachifuwa, n'kunena zinazake. Mayi wotiperekeza anamasulira kuti agogowo anakulira kumudzi, ndipo ali mwana ntchito yawo inali yomweyo.

Basi, chinatsegukatu. Mtsikana wa ku Filipinzi anatulutsa kakuwidwe ka kwawo, kokhala ngati mluzu. Mnyamata wa ku Madagasika, yemwe uja anafunsa za kwathu, anatulutsa kake. Yusufu naye, amene kwawo ndi asodzi ndipo sanaamirepo mbalame chibadwire, anakuwa zake zopeka kuti asatsalire. Mayi uja anaika chala pakamwa kutiletsa, koma mapewa ake ankagwedezeka. Mlonda anafika, anamva nkhani, anatichenjeza ndi chala n'kubwerera akupukusa mutu.

Mu basi pobwerera, ana a mayiko ena anawazinga a Makwinja. Mpunga wa kwanu ndi wotani? Madzi mumawatenga kuti? Nyanja yanu ikaphwa mumatani? Poyamba ankayankha mwachidule, nkhope ili gwaa. Koma wina atanena kuti mpunga wonunkhira kwambiri ndi wa kwawo, aphunzitsi anga anakhala tsonga. "Mwana iwe, unadyapo Faya?" Za phiri lokongola sizinamvekenso.

Kwa ine sananene kanthu, kupatula mawu atatu pabwalo la ndege: "Tikaonana kwa ahedi."

M'ndege yonse ndinkaganiza. Osati kulapa, ayi, musandinamizire. Ndinkaganiza funso ili: munthu wamkulu, wophunzira, wokhala ndi mawu oti mpheta za mayiko awiri zimawamvera, n'chifukwa chiyani amavala chipewa chobisa nkhope popita kumunda wake womwe?

Yankho lake tonse tikulidziwa, chifukwa tinaliphika limodzi.

Mwana akachedwa kusukulu timampatsa chiyani? Khasu. Akalongolola m'kalasi? Khasu. Akalephera mayeso timamuuza kuti chiyani? "Uzikalima." Kuyambira Sitandade 1 timamuphunzitsa kuti munda ndi ndende ya anthu olakwa ndi opanda nzeru. Ndiye akaweruka amapita kunyumba, n'kupeza amayi ake ali m'matope mpaka m'mawondo. Mukufuna aganize kuti amayi akewo analakwa chiyani?

Chonsecho yunifolomu wavalayo ndi mpunga. Makope ndi mpunga. Njinga imene aphunzitsi amakwera pobwera kudzatiuza kuti khasu ndi la zitsiru, ndikukayika ngati inachokera ku choko chokha.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kulima n'kokoma. Amene amanena zimenezo pawailesi sanalumidwepo ndi msundu. Msana umapweteka, madzi amatha ngalande ikadzaza mchenga, ndipo chaka china nyanja imathawa n'kutisiyira fumbi. Mfumu ija ndikukhulupirira kuti inkabzala mizere iwiri, anthu n'kuombera m'manja, ena n'kumaliza ntchito. Ine sindine mwana woti mungandipusitse ndi kachisakasa.

Koma taonani pamene inaika ndime yake. Osati kuseri kwa zimbudzi. Inaiika m'munda wake wokongola, pakati pa maiwe ndi mitengo yamtengo wapatali, pamene lero alendo a dziko lonse amaima n'kujambula. Anthu aja ali ndi sitima zoyenda pansi pa nthaka, koma mpunga wa agogo awo sanaubise. Ife tili ndi sikimu yonse, yoti mfumu ija ikanaiona ikanakomoka, koma tikafika pa Songani timayamba kupukuta mapazi n'kumati ndife a m'tauni.

Kodi munthu sangakhale ndi zonse ziwiri, cholembera ndi khasu? Ine sukulu ndikuifuna, n'chifukwa chake mtima unagunda mlonda akubwera. Koma sindikuifuna kuti ndidzathawe amayi anga. Ndikuifuna kuti ndidzadziwe chifukwa chake ngalande yathu imadzaza mchenga chaka ndi chaka, ndiponso amene ndingakamugwire pakhosi.

Lolemba lapitali tinalowa muofesi. A hedi anavula magalasi.

"A Makwinja, ulendo munayenda bwanji? Mwanayu anakuvutitsani?"

Aphunzitsi anayang'ana pawindo nthawi yaitali. Ine ndinkawerenga nyerere pansi.

"Mwanayu, madamu, ndi wovuta."

"Zimenezo ndikuzidziwa. Ndikufunsa ngati pali dandaulo."

"Ndi wovuta kwambiri."

"A Makwinja."

Anapumira m'mwamba. "Dandaulo palibe. Koma chilango chilipo, ndipo ndimupatsa ndekha. Lachisanu akalambule ngalande ya kudimba."

A hedi anatiyang'ana tonse awiri ngati munthu amene wanunkhiza kanthu koma sakudziwa kali mumphika uti. Anavalanso magalasi. "Tuluka, Esinati."

Ndinatuluka mwaulemu kwambiri. Kuvina ndinakavinira kuseri kwa laibulale.

Lachisanu titaweruka ndinatenga khasu langa, lija ndimalidziwa ndi mpini womwe, n'kupita kudimba. Ndinapeza munthu wayamba kale ntchito. Buluku atapinda mpaka m'mawondo, nsapato zowala zija zili pa chitsa, tayi ili m'thumba la malaya. Kumutu chipewa chamlaza, koma atachikankhira kumbuyo, nkhope yonse ili poyera. Ana a Folomu 1 anali atadzaza m'mawindo, pakamwa pali yasa.

"Ukuyang'ana chiyani? Yamba uko."

Tinayamba kulambula. Kenako anafunsa, maso ali pa khasu:

"Unadziwa liti?"

"Za chiyani, Sala?"

"Usandipusitse. Za kusikimu."

"Sala, sikimu yonse imadziwa. Ndi mpheta zomwe zimakudziwani."

Anafuna kukwiya, koma kuseka kunawatsogolera. Anatsamira mpini.

"Nditapita kusekondale yogonera komweko," anatero, "anyamata a m'tauni anaona ming'alu ya kumapazi kwanga. Anandipatsa dzina loti Matope. Zaka zonse za sukulu, Matope. Ndinalumbira kuti palibe adzandiitanenso choncho." Anayang'ana mapazi awo, ali bii mpaka m'akakolo. "Ndiye taona."

"Akukhalani, Sala."

"Khala chete. Ndipo usaganize kuti ndakukhululukira. Unandichititsa manyazi pamaso pa mayiko."

"Koma mayikowo anakuyankhani."

Sanatsutse. Anangonena kuti akambirana ndi a hedi kuti dimba likhale la kalabu, aziloweramo ofuna okha, ndipo mpunga wake tizidya tokha pa tsiku lotsekera. Ochedwa ndi olongolola azikakolopa m'makalasi. A hedi akuti aganizira. Ine ndinapereka maganizo oti wolakwa azivekedwa tayi n'kukhazikidwa muofesi masana onse dzuwa likuswa mtengo, kuti ana aziopa maofesi. Maganizo amenewa anakanidwa.

Sindikudziwa ngati zitheke. Mwina sabata yamawa wina achedwa, wina n'kuiwala, n'kumupatsa khasu. Chizolowezi sichichoka ndi ulendo umodzi wa pandege. Koma ana a Folomu 1 aja anaona zimene anaona, ndipo awiri anatsika pawindo n'kubwera kudzafunsa ngati pali makasu ena.

Dzuwa likupendeka, gulu la mpheta linatera kumapeto kwa dimba, kumene mpunga wayamba kucha. Ine ndinaziona. Iwonso anaziona. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinong'one.

"Usayerekeze," anatero. Kenako anakonza kukhosi. "Ngati ukufuna kuphunzira, mawu amachokera m'mimba, osati pakhosi. Tamvera."

Anakuwa. Ndinakuwa. Ana a Folomu 1 anakuwa. Windo la ofesi linatseguka mwamphamvu.

"Ndani akusokosa kumeneko?"

Ndinaloza aphunzitsi. Iwo sanatsitse chipewa. Anakweza dzanja lamatope n'kuyankha kuti, "Ndine, madamu. Tikuamira."

Tsono inu amene mukuwerenga izi muli pa desiki, nsapato zikuwala, ndikufunseni. Wina atakunong'onezani lero kuti mpheta zatha mpunga, pakamwa panu pangatuluke mawu anji? Ndipo chipewa mwavalacho, mukuganiza kuti mukubisalira ndani?